Ngwazi ya Pachikuto

Gerson, mphunzitsi wopuma ntchito, anaimika galimoto pakhomo pa Mainess, mwana wa atate ake aang'ono, ku Chipangali osazimitsa injini. Anatsika ndi buku la mbiri ya banja limene anasindikiza ku Chipata.

"Alongo, taonani atate anu pachikuto."

Mainess anasiya mtedza umene ankasenda, napukuta manja pachitenje. Analidi iwo: Abednego Tembo, mbusa wa ng'ombe amene anakafera kunkhondo ku Burma, Mainess akadali m'mimba. Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti Ngwazi ya Banja Lathu.

"Lathu?" anatero Mainess. "Nanga amayi alimo?"

Gerson anatsokomola. "Malo anachepa."

"Anachepa kalekale. Kalata ya maliro itafika, atate anu, akalaliki a paboma aja, anawawerengera amayi kukhomo lakuseri, n'kuwauza kuti akabereke kwawo. Panthawiyo atate anga, mng'ono wawo, anali mbuli yonunkha ndowe kwa iwo."

"Zakale izo. Loweruka kudzabwera akuluakulu pamwambo wokhazikitsa bukuli, mudzalankhuleko pang'ono."

Mainess anang'amba chikutocho mosamala, nachipisa m'chitenje. Masamba otsalawo anamubwezera.

"Tengani abale anu. Atate anga atsala kuno."