Fungo la Lufeyo

Chibwerere lamulo loti fungo lisamatuluke pothira petulo m'thanki ya m'mudzi muno, kwa mwana wanga Lufeyo kulibe mtendere. Iyeyo ndiye amalandira galimoto ya mafuta. Mapayipi tsopano ndi awiri, ina yotsitsa petulo, ina yoyamwa mpweya wake kubwezera m'galimoto, ndipo pamtengo anapachikapo kamakina kamene kamalira kakangomva fungo.

Ndiye Lufeyo akumabwera kunyumba osanunkha kanthu. Mkazi wake Esinala zamukwiyitsa.

"Zaka khumi mumabwera mukununkha ngati njinga yamoto. Masiku ano mukumasamba kwa yani?"

Ine ndinakokera mkeka pafupi, mkangano sukoma uli patali. Koma mkaziyo atayamba kumanga katundu kuti azipita kwawo, ndinadzuka.

"Apongozi, takhalani pansi. Chifuwa cha amuna anu chija mwachimva liti?"

Mwezi wathunthu Lufeyo sanatsokomole.

Kenako Esinala anamukoka malaya n'kumununkhiza m'khosi.

"Ndiye fungo lanu lenileni ndi limeneli?"

"Ndi lomwelo," ndinamuyankhira mwana wanga. "Ndinam'bereka akununkha choncho. Ngati silikukusangalatsani, mundibwezere."

Mpaka lero sanandibwezere.