Sabata Imodzi ya Thonje

Edita anaima pakhomo atavala yunifomu, thumba lotolera thonje lili pamapazi ake. Bambo ake, a Alfonsi, anali atagamula kale kuti sabata ino sukulu idikire. Thonje la ku Madzimoyo silidikira munthu.

Pakhonde, mlamu wawo wa ku Mchinji, a Chikumbutso, ankawaonetsa zithunzi ziwiri pafoni. Pa choyamba, ana a Sitandade 1 anali atasefukira mpaka kunja kwa mthunzi wa mtengo. Pa chachiwiri, kalasi yomweyo ili mu Sitandade 8, onse anakwana pa mabenchi ochepa.

"Kwathu ku Malawi sukulu yaulere inayamba kalekale, alamu. Kulowa amalowa ngati nyerere. Koma omaliza ndi awa."

"Ndi kwanuko," anaseka a Alfonsi. "Kuno ku Zambia yaulere mpaka Giredi 12. Athu amamaliza."

Edita ankasinthasintha miyendo, maso ali kumsewu.

"Atate," anatero, "mu Giredi 1 tinkakhala pansi chifukwa chodzaza. Lero ndili ndi desiki yangayanga."

"Anzako anapita kuti?" anafunsa a Chikumbutso.

"Sanatsanzike, amalume. Aliyense anangopempha sabata imodzi ya thonje."

Kutsidya kwa dambo, chitsulo cha kusukulu chinayamba kulira. A Alfonsi anayang'ana chithunzi chachiwiri chija, kenako nsapato za mwana wawo, zomwe anazipukuta yekha m'mamawa. Anawerama, nanyamula thumba lija.

"Alamu, bisani foniyo. Thonje mumadziwa kutola?"