Bawuti pa Singano ya a Carlos

Panali munthu wina ku Katuli, a Carlos, amene anathawa nkhondo ya ku Mozambiki atasenza galamafoni ya mabatire, anzawo akusenza chimanga. Anali ndi chimbale chimodzi chimene anajambula ndi gulu lawo ku Beira, iwo akutsogolera nyimbo. Akasintha singano ankaika kapepala ka mizere pansi pake kuti aone ngati yawongoka, kenako n'kuyeza kulemera kwake pa kasikelo.

"Khutu limakomedwa," ankamuuza mwana wawo Zakaria. "Limamva kukoma chimbale chikudyeka."

A Carlos atamwalira, abale awo anati katundu wa munthu ndi wa ana a mlongo wake. Galamafoni ndi chimbale anatenga Bonface, mwana wa mlongo wawo. Zakaria sanakangane nawo, anangomulondola atanyamula kasikelo ndi kapepala.

"Asuweni, singanoyo yatha. Mukaika ina muyeze ndi izi. Mawu a bambo atsala m'menemo mokha."

"Iwe, ine ndavinitsa anthu kuchokera ku Namwera mpaka ku Chiponde. Makutu ndili nawo. Kasikelo kakoko kayezere fodya."

Loweruka pagule, Bonface anamanga singano yatsopano mongoyerekeza, atapendeketsa mutu kumvetsera. Itayamba kulumpha, anaimangirira bawuti pamwamba ndi mphira kuti ilemere. Inasiya kulumpha.

"Bwereza!" anthu anakuwa. "Malemu akuimba ngati ali moyo!"

Anabwereza, n'kubwerezanso. Zakaria anaona fumbi lakuda likuunjikana pansonga ya singano. Anafuula kuti aimitse. Abale omwewo amene anadzigubuduza pamaliro anamukankhira kunja, ati akusokoneza gule.

Mwezi usanathe, chimbale chinkangolira ngati mvula padenga la malata. Bonface anabwera nacho kwa Zakaria atachikulunga m'chitenje.

"Takambirana kubanja, mwana wamasiye asamanidwe. Landira cha bambo ako."

Zakaria sanatambasule dzanja.

"Pamene ankaimba anali malume anu. Mwawapha kachiwiri, ndiye lero akhale bambo anga? Maliro awa mukaike nokha. Muitanenso ovina aja adzakumbe manda."

Phunziro: Khutu limasangalala lero, zimene lawononga limazimva mochedwa. Ukalanda chinthu chimene sudziwa kusamala kwake, landanso malangizo a mwini wake, usanyade. Tumizirani ena, makamaka aja amafika pamaliro akulira koma maso ali pakatundu. Awerenge, adzidziwe.