Mchere wa Nsomba za Adona

"Chotsani zimenezo, a Zakeyu," anatero a Welosi, kalaliki wa pa boma ku Katete. "Nsomba za Mzungu muzithirire mchere wamiyala wa kusitolo kwa Shaibu? Mwaziyesa matemba?"

A Zakeyu, khukhi wa adona achizungu eni nsombazo, anabweza dzanja. Adona anali ku Fort Jameson, ndipo nsomba zawo zobulungira ngati mbale zinali zitatuluka timawanga m'bokosi lagalasi. Zikafa, ntchito yatha. Mwini wake zikadwala ankathiramo mchere womwewo pang'ono, koma ndani angatsutse kalaliki wophunzira mpaka Sitandade Sikisi?

A Welosi anatenga chitini cha mchere wapatebulo n'kukhuthuliramo wonse. Kutacha, nsomba zonse zisanu zinali chagada.

Adona atabwerako anangoziponyera diso. "Zinanditopetsa kale. Katayeni."

Mtima wa a Zakeyu unakhala pansi. Koma pa chakudya adona anagwedeza chitini chija.

"Mchere wanga uli kuti?"

"Nsomba zija, dona."

"Nsomba? Zaka khumi m'nyumba mwanga, kuba mwaphunzira koma bodza likukukanikani? Longedzani."

Kalata yowachotsa ntchito analemba ndi a Welosi, m'Chingerezi chosalala bwino.