Wodula Amasankha Pomaliza

Uthenga unalowa pa foni m'mawa, telala ali pa makina ake osokera. Unali wachidule: Belu watisiya dzulo. Mayiyo anauwerenga kawiri, kenaka anadzuka n'kukatenga sopo wochapira amene anagula dzana.

Anadula ulusi, naukulunga m'zala, n'kudula sopoyo panayi. Dzanja silinaiwale.

Kalelo kusukulu yogonera komweko anali atsikana anayi a mabedi a kukona: iyeyo, Nyerere, Chiseko, ndi Belu amene ankaliza belu lodzutsa anthu. Wina akalandira phukusi lochokera kwawo, sopo ankamudula panayi ndi ulusi, poti mipeni inali yoletsedwa. Lamulo linali limodzi lokha: wodula amasankha pomaliza. Belu ankayeza zidutswazo ndi chala, n'kumati, "Iwe, kadzanja kakoka n'kakuba," onse n'kufa nako kuseka.

Nyerere ndi Chiseko anatsogola kalekale.

Mwana wamkazi wa telalayo, amene anangobwera kudzacheza, anatuluka kuchipinda chikwama chili paphewa.

"Amayi, sopo yenseyu mwamuduliranji? Si mumakhala nokha muno?"

"Sankhapo chimodzi, mwanangu."

"Basi indisiya, amayi. Sopo ndili naye kwathu."

Chitseko chinatsekeka.

Telala anandandalika zidutswa zinayi zija patebulo, pakati pa sizasi ndi choko, n'kusuntha chachikulu kuti chikhale mbali imene Belu ankakonda kukhala. Madzi ofunda amene anaika m'beseni kuti achapire anayamba kuzizira. Iye anapinda manja, n'kumadikira kuti wina ayambe kusankha.