Manja Achikasu

Lamulo likuti nkhumba yako ikadwalitsa anthu, a zaumoyo amaviika manja ako mu utoto wachikasu wosachoka mpaka chaka chithe. Sugwira mbale ya munthu, supereka moni wa m'manja.

Malizani anamuviika atangoika maliro a Ndaona, mwana wa mlongo wake. Nkhumba yake inkatsegula m'mimba, iye akudziwa. Anaipha msanga kuti isafe yokha, chiwindi n'kuwotchera mapasa a mlongo wakeyo. Matenda a salimonela a m'nyamayo anatenga mmodzi.

Tsopano ankadyera kuseri kwa khola lopanda kanthu, munthu akamadutsa iye n'kubisa manja m'khwapa. Koma Zione, wotsalayo, anazolowera kudyetsedwa ndi amalume ake. Masiku awiri phala linazizira osalilawa.

Nasiwelo, mayi wa mapasawo, anafika kukholako, mwana kumsana, mbale m'manja.

"Achimwene, m'dyetseni."

"Achemwali, taonani manjawa. Akationa atimanga tonse."

"Ndawaona. Ndimawaona ngakhale nditatsinzina." Anatsitsa mwanayo, mbale n'kuika pansi. "Wina ndakwirira kale. Uyu afenso ndi njala chifukwa cha manyazi anu?"

Malizani anatola supuni. Anatapa phala. Zione anali atayasama kale kukamwa.