Basi Imene Inanyamuka

"Kuti udziwe ngati chinthu chikuyenda, uchiyerekeze ndi china chimene chaima," anatero aphunzitsi a sayansi, akusasa choko m'manja. "Chitsanzo ndani?"

Mtsikana wa pa desiki yakumbuyo, amene masiku amenewo sankayankha chilichonse m'kalasi, anakweza dzanja.

"Kudepoti, aphunzitsi. Ine ndi bambo tinakwera basi yathu, amayi n'kukwera ina yoyandikana nayo. Ndinkawaona pawindo, chikwama chachikulu chili pamiyendo. Kenako anayamba kutsalira m'mbuyo. Ndinakuwa kuti, 'Adalaivala imani, amayi tikuwasiya!'"

Anyamata awiri anaseka.

"Bambo anandilozera mzati wamagetsi. Sunkasuntha. Ife tinali pomwepo, basi yawo ndi imene inkabwerera chafutambuyo kutuluka pageti."

"Wakhoza," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Mzatiwo ndi umene unakuuza zoona."

"Bola ndikanapanda kuuyang'ana," anatero mtsikanayo, akukanda desiki ndi chikhadabo. "Tikanakhala kuti tawasiya ndife, bwenzi titabwerera kukawatenga."

Palibenso anaseka. Aphunzitsi anatembenukira kubolodi, nakhala nthawi yaitali akufufuta pamene panalibe cholembedwa.